Katundu Wotsala pa Likhubula

Esteri anamva nkhaniyo pa msika wa Chonde, ndipo anaimva kwa Leah, mkazi wa msuweni wake, amene amagulitsa tomato ndi miseche pa mulu umodzi. Leah anati mapotala a ku Likhubula akumana Loweruka kuti achotse a Yosefe pamzere. Kampani ya a Paul, ija imatengera alendo kuphiri, inali itadandaula kuti mkuluyo wakalamba, akumafika mochedwa ku Chambe, kogona alendo pamwamba pa phiri, alendo atauma kale ndi chisanu podikira zofunda ndi mapoto awo. Leah ananena zonsezi akupukuta tomato ndi nsonga ya chitenje, nkhope ili gwa ngati akunena za mtengo wa mchere.

A Yosefe amenewa anali bambo ake a Esteri, ndipo anayamba upotala pa phiri la Mulanje Esteriyo asanabadwe. Ntchito ya potala ndi kusenza zikwama za alendo okwera phiri. Pa Likhubula ntchitoyi imayenda ndi mzere: dzina lako likafika umakwera, ukatsika umabwerera kumchira kukadikira. Kuchotsedwa pamzere ndiye kuuzidwa kuti kakhale pakhonde, phiri uzingolikwera ndi maso. Mzere umenewu ndi umene unaphunzitsa Esteri sukulu, kuyambira ku pulayimale mpaka ku koleji ya ku Blantyre kumene anaphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta. Tsono lero wina azinena kuti a Yosefe atha ntchito? Munthu amene wafika pa Sapitwa maulendo ochuluka kuposa amene a Paul analowapo m'tchalitchi? Esteri anasiya tomato ali m'jumbo pa benchi la Leah, n'kupita kukakwera minibasi.

Kwawo anafika chiperoni chikuwaza, phiri lonse litabisala m'nkhungu. A Yosefe anali pakhonde, mwendo wakumanja atautambasula, bondo atalifunditsa chitenje cha akazi awo. Anamulonjera m'Chilomwe monga ankachitira akakondwa, n'kuyamba kumufunsa za ulendo, za minibasi, za mvula ya ku Chonde, za chilichonse chimene chikanathandiza kuti maso a mwanayo asatsikire pachitenje. Esteri anagwada, n'kupereka moni, n'kuvundukula chitenjecho osapempha. Bondo linali litatupa ngati dzungu laling'ono, khungu lake likunyezimira.

"Si kanthu, Amayi. Ndi kukula basi," anatero a Yosefe. Ankamutcha Amayi chifukwa anamupatsa dzina la malemu mayi awo.

Zoona zake anakazimva kukhitchini, kumene mayi ake, a Eneles, ankawiritsa kalongonda. A Eneles anayankhula motsitsa mawu koma mtima uli m'mwamba. Anati kuyambira nyengo yozizira ya chaka chatha, amuna awo ayamba khalidwe lachilendo. Uthenga ukangofika kuti kukubwera alendo a kampani ya a Paul, iwo amathamanga kukasinthana malo pamzere ndi wamkulu aliyense amene ulendowo wamugwera. Maulendo a makampani ena, opepuka, amawasiyira anzawo. Akatsika amangofikira pamphasa, chakudya osachiyang'ana. Mapotala ena anayamba kunong'onezana kuti makina a kompyuta amene mwana wawo anakonzera kampaniyo ndi amene akuwakondera, ati a Yosefe ndi adyera. Ndipo tsiku lina, a Eneles anapitiriza, amuna awo anapatukira pakhomo ndi katundu wa alendo kudzatenga jekete. Iwo pofuna kusesa anayesa kusuntha thumba limene linatulidwa pakhonde. Thumbalo silinasunthe, ndipo a Eneles si mayi wofooka, amasenza mtolo wa nkhuni kuchokera kumtunda osapumira.

Esteri anati zimenezo sizingatheke. Lamulo la gulu la mapotala linali lakuti munthu mmodzi asasenze kupitirira makilo 18, ndipo pulogalamu yowerengera mapotala ku kampani ya a Paul anailemba ndi iye mwini. Ntchito yake inali yosavuta. Alendo akafika ku ofesi ya pa Chitakale, zikwama zawo zimayezedwa pa sikelo, makilo n'kulowetsedwa mu kompyuta, ndiye pulogalamu imanena chiwerengero cha mapotala ofunika, n'kutumiza uthenga pa foni ya a Luckson, tcheyamani wa gululo.

Anailemba m'chilankhulo cha kompyuta chotchedwa Haskell, chimene anzake ku koleji ankachithawa ati n'chouma mutu. Kuuma mutuko ndi kumene Esteri anachikondera. Haskell salola nambala kusakanizika mwachisawawa. Nambala zathunthu, zowerengera zinthu zosaduka monga anthu, zili ndi mtundu wawo wotchedwa Int. Nambala zokhala ndi kadontho, zoyezera zinthu monga makilo, mtundu wawo ndi Double. Ukafuna kuti nambala ichoke mu mtundu wina kulowa mu unzake, uyenera kulemba ndi zala zako momwe ichokere. Ukapanda kutero, kompaila, mlonda amene amawerenga pulogalamu yonse isanayambe kugwira ntchito, amakana kwamtuwagalu. Makilo 70 ukawagawa ndi 18, yankho limakhala atatu ndi kagawo kakakulu pamwamba. Koma munthu alibe theka. Ndiye Haskell amakuimitsa pomwepo kuti unene chochita ndi kagawoko, kaya ukakweze kakhale munthu wathunthu, kaya ukataye. Esteri analemba liwu loti ceiling, limene limakweza, kuti pakatsala ngakhale kilo imodzi aitanidwe potala wina. Analilemba akuganizira khosi la bambo ake.

Chimene chinamuopsa pamene anaima m'khitchinimo, utsi ukumulowa m'maso, chinali mwambo umene mwana aliyense wa potala amaudziwa. Pa Likhubula, wamkulu pagulu ndiye amagawa katundu. Amanyamula chikwama chilichonse kuchiyesa ndi dzanja, n'kupatsa aliyense mlingo wake, ndipo chotsala chonse chimakhala chake. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Masiku onse chotsalacho chimakhala ketulo, botolo la mafuta ophikira, kapena nsapato zimene mlendo waiwala kulongedza. Palibe amakangana nazo, ndi ulemu wa ukulu. Koma ngati makina akuitana anthu operewera, chotsala sichingakhalenso ketulo.

M'mawa mwake Esteri anali pa Chitakale ofesi isanatsegulidwe. Amene anabwera ndi makiyi anali Austin, mwana wa mlongo wawo wa a Paul, amene anaikidwa kuti aziyang'anira kompyuta Esteri atamaliza ntchito yake. Austin anali ndi satifiketi ya miyezi ingapo ya zamakompyuta ndi nsapato zoyera zosadziwa matope. Kuphiri anafikako kamodzi, pa Dziwe la Nkhalamba chakumunsi komwe, kukajambulitsa. Anamulandira Esteri ndi ulemu wochuluka, ulemu uja umabwera munthu akamaganiza kuti wafika ndi wopemphapempha. Anayamba n'kumupepesa za bambo ake, ati ukalamba ulibe mankhwala. Esteri anangopempha laputopu, n'kutsegula pulogalamu, n'kupita molunjika pa malo amene ankawadziwa ngati pakhomo pake.

Liwu lake lija panalibe. Makilo amene iye anawalemba kuti akhale Double anali atasandutsidwa Int, ndipo pamene panali ceiling panali kaliwu kafupi koti div. Kaliwu kameneka kamagawa nambala zathunthu n'kutaya chotsala. Sikazengereza, sikafunsa. Makilo 70 kamawagawa ndi 18 n'kuyankha kuti atatu, makilo 16 otsala n'kuzimiririka mu kompyuta ngati sanakhaleko. Mu kompyutamo amazimiririkadi. Pa Likhubula amakhala ali pansi pa mtengo, m'thumba, akudikira wamkulu wa gulu.

Esteri anatembenuza laputopu n'kuloza ndi chala. Austin anayang'ana, n'kukanda m'mutu, n'kunena mawu amene anthu onse a m'maofesi amathawirako: mwina kompyuta inasokonekera yokha.

"A Austin, musandiputire mkwiyo," anatero Esteri. "Chilankhulo china mukananama, ndikanakukhulupirirani. Ichi sichisintha nambala pachokha. Chinakuimitsani, chinakufunsani, inu munayankha ndi zala zanu."

Atagwira njakata, Austin anafotokoza, ndipo kufotokozako kunali kowawa kuposa bodza lija. Anati kulemba kadontho pa foni nthawi iliyonse akayeza chikwama kunkamutopetsa, ndiye anasintha makilo kuti akhale nambala zathunthu. Sikelo ikati 17 ndi kadontho ndi zina, iye ankangolemba 17, za kumbuyo kwa kadontho n'kuzisiya pa sikelo pomwepo. Atasintha choncho, kompaila anakana, ati nambala zathunthu sizigawidwa ndi chizindikiro chimene Esteri anagwiritsa ntchito. Austin anafufuza pa intaneti n'kupeza njira ziwiri. Yoyamba inali kulemba fromIntegral, liwu limene limasandutsa nambala yathunthu kuti igawike bwinobwino ndi kagawo kake, kenaka n'kukweza ndi ceiling monga kale. Yachiwiri inali div. Anayesa zonse ziwiri. Anaona kuti yachiwiri ikuitana mapotala ochepa, n'kukawaonetsa amalume ake. Amalume anasangalala, anamugulira fanta.

Anayesa zonse ziwiri! Esteri anamva mawu amenewo akubwerezabwereza m'mutu mwake. Sikunali kuphonya kwa munthu wosadziwa ayi. Mnyamata wa nsapato zoyerayu anaika njira ziwiri patsogolo pake, n'kuona bwinobwino kuti imodzi ikutaya katundu wa munthu wathunthu, n'kusankha imeneyo. Ndipo atatero, iye yemweyo n'kukhala pansi kulemba madandaulo kuti nkhalamba ikuchedwa panjira. Kumumenya munthu n'kumuimbanso mlandu woti akulira mokweza.

A Paul anafika nkhani ili pakati, makiyi a galimoto akulira m'manja. Anamvetsera mwaulemu, mutu atapendeketsa, monga amachitira ndi mlendo wodandaula za udzudzu. Kenaka anati zimenezi ndi zaukatswiri, iwo sazidziwa, amangoona zimene makina anena. Anatinso mapotala akanakhala kuti akulemedwa akanadandaula, koma chaka chonse palibe anabwera, ndipo a Yosefe eni ake ndi amene amalimbirana maulendo a kampaniyo. Za Austin anati ndi mwana, akuphunzira, amulangiza kunyumba. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, Esteri anadziwa kuti kulangizako kuthera pa fanta wina. Pomaliza a Paul anamupempha kuti akonze mwakachetechete, nkhani ithere mu ofesi momwemo, ndipo madandaulo aja awasiye momwe alili popeza bondo la mkuluyo latupadi, aliyense akuliona.

Esteri anakonza, chifukwa alendo ena ankabwera mawa lake ndipo sanafune kuti thumba lina ligwere munthu. Anabwezera makilo ku Double, n'kubwezera ceiling pamalo pake. Zinamutengera nthawi yochepa kuposa imene munthu amatenga kumwa tiyi, ndipo kufulumira kwakeko kunamupweteka mtima. Chaka chathunthu cha bondo la bambo ake chinali m'timawu tiwiri. Koma za kukhala chete anakana. Anawauza a Paul kuti Loweruka akaonana ku Likhubula, ndipo asaiwale kubwera ndi Austin.

Loweruka mapotala anasonkhana pansi pa mitengo ya bulugama kufupi ndi poyambira njira ya kuphiri. Ena anakhala pa miyala, ena anatsamira njinga zawo. A Yosefe anabwera ndi ndodo, n'kukhala kumapeto, chipewa chili pa bondo labwinolo. A Paul ndi Austin anaima pafupi ndi galimoto, ngati anthu amene sakhalitsa. A Luckson anatsegula ndi pemphero, kenaka n'kunena nkhani mosakondwa, popeza iwo ndi a Yosefe anayambira limodzi ntchitoyi tsitsi lili bii. Anati kampani yadandaula, ndipo gulu nalonso lili ndi mawu ake: mkuluyu akulanda maulendo a anzake, chonsecho mphamvu zatha. Ena anavomereza ndi mitu. Wina kumbuyo anati makina a mwana wawo afufuzidwe.

Apa mpamene Esteri anapempha kuyankhula. Pamsonkhano wa mapotala sipayankhula munthu wosasenza, koma a Luckson anati popeza makina atchulidwa, mwini wake amveke. Esteri sanabwere ndi laputopu. Anabwera ndi kabaza atanyamula matumba awiri a mchenga wa mumtsinje, umene anakayezetsa pa sikelo ya wogula nandolo. Thumba lina linali la makilo 18, lina la makilo 16. Anawatula pakati pa bwalo, n'kufotokoza mwachidule, mosatchula mawu a kompyuta ambiri. Anati ulendo womaliza wa a Paul unali ndi katundu wa makilo 70, wofunika anthu anayi, koma makina anaitana atatu chifukwa wina anawauza kuti chotsala azitaya. Thumba loyambalo ndi mlingo wa munthu mmodzi. Lachiwirilo ndi chotsala chimene chinatayidwa. Ndipo sanafunikire kuwauza amene amatola chotsala pa Likhubula.

Kenaka potala wina wamphamvu zake, amene anali pa ulendo womwewo, anaimirira n'kunena kuti iye anaona thumba la a Yosefe likukula ulendo ndi ulendo. Anayesapo kuwalanda zina pa njira ya Chapaluka, koma mkuluyo anamukalipira, ati makina a mwana wake sanama, wafooka ndi iyeyo. Wina anati naye anauzidwa chimodzimodzi. Ndiye iwo anangoti mwina ndi zoona, popeza ndani angatsutse kompyuta, ndiponso ndani angatsutse wamkulu pa nkhani ya kugawa katundu?

Esteri anamangirira matumba awiri aja pamodzi ndi chingwe cha kabaza, n'kuyang'ana kugalimoto.

"A Austin, bwerani mutole zimene munataya," anatero. "Simukwera nazo phiri ayi. Mungozifikitsa pa mtengo uwo."

Austin anayang'ana amalume ake, koma amalume anali akuwerenga china chake chofunika kwambiri pa foni. Mapotala anayamba kung'ung'udza, ndipo mnyamatayo anaona kuti kukana kukhala koipa kuposa kuyesa. Anawerama, n'kukoka, n'kufikitsa matumbawo m'mawondo. Pofuna kuwaponya paphewa anadzandira, nsapato yoyera n'kulowa m'matope mpaka m'kakolo, matumba n'kugwa pansi kuti thii. Palibe anaseka. Zikanakhala bwino akanaseka, chifukwa chete uja anali wa anthu amene akuwerengera m'mitima mwawo mitunda ya ku Chambe ndi thumba limenelo pamutu pa munthu wa imvi.

Zotsatira zake zinayenda msanga. A Paul anapeza mawu opepesa amene sanawapeze ku ofesi, n'kunena kuti madandaulo aja awabweza. Mapotala anagwirizana kuti kuyambira tsiku limenelo katundu wa kampani iliyonse aziyezedwanso pa Likhubula pomwepo, pamaso pawo. Aja ankanena za dyera anayang'ana pansi. A Luckson anaimirira n'kulengeza kuti dzina la a Yosefe likhala pamzere pamalo pake, ndipo wofuna kulichotsa ayambe wasenza matumba awo. Esteri anamva mtima wake ukutsika kwa nthawi yoyamba chichokereni ku Chonde. Anapambana, ndipo anayang'ana bambo ake kuti aone nkhope yawo ikuwala.

A Yosefe anadzuka pang'onopang'ono, atatsamira ndodo. Anathokoza gulu, anathokoza tcheyamani. Kenaka anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa nkhata yawo ya nsanza, yakuda ndi thukuta la zaka, n'kukaiika m'manja mwa a Luckson. Anati adokotala anawauza kale kuti bondolo silidzakweranso phiri, iwo ankangolikakamiza. Anati sanafune kuchoka ngati munthu wothamangitsidwa, koma tsopano angathe kuchoka okha. A Luckson anagwira nkhatayo ngati ikutentha, osadziwa poiika.

Pobwerera kunyumba anayenda awiri, bambo ndi mwana, m'kanjira ka pakati pa minda ya nandolo. Wakabaza anawapempha kuti akwere koma a Yosefe anakana. Esteri anali atapsa mtima kuposa mmene anapsera ku ofesi, ndipo tsopano mkwiyowo unalibe kolowera koma kwa munthu amene ankatsimphina pambali pake. Anadzigwira mpaka anadutsa mjigo, pamene panalibenso anthu. Pamenepo anawafunsa chifukwa chimene anakhalira chete chaka chathunthu. Foni anali nayo, nambala yake ankaidziwa pamtima, ku Chonde si kutali. Liwu limodzi lokha, iye akanabwera tsiku lomwelo n'kukonza. M'malo mwake iwo anachita kulimbirana thumbalo, n'kumakalipira ofuna kuwathandiza, mpaka bondo kutha. Anawafunsa ngati kumeneko ndiye kukula, ngati mwambo unanena kuti wamkulu azifa ndi katundu pofuna kuoneka wamphamvu.

A Yosefe anaima, n'kutsamira ndodo ndi manja onse awiri. Anayang'ana kuphiri, kumene nkhungu inali itayamba kuyera, osati kwa mwana wawo.

"Ulendo woyamba womwe ndinadziwa kuti makina ataya munthu," anatero. "Chotsala chinali katundu wa munthu wathunthu. Koma ine, Amayi, ndinkayesa kuti walakwitsa ndiwe."

A Yosefe anapitiriza mofatsa, ngati akufotokozera mlendo njira. Anati Likhubula yense ankadziwa kuti makinawo ndi a mwana wa Yosefe, popeza iwo eni ndi amene analalikira paliponse, kumsika, kutchalitchi, ngakhale kwa azungu osamva Chichewa. Akanadandaula, a Paul akanati mtsikanayo sadziwa ntchito, sukulu ija inangopita pachabe, ndipo mbiri ikanafika kwa ena onse amene akanamulemba ntchito mawa. Wamkulu wina akanagawa katundu wa kampaniyo, akanazindikira tsiku lomwelo n'kukanena. N'chifukwa chake ankasinthana nawo malo. Ankati asenze mpaka mwana wawo adzapeze ntchito yaikulu kutauni, pamene cholakwa cha pa Chitakale sichingamutsatirenso. Kumuuza iye mwini sakanatha, anati, chifukwa munthu amene sanafike ngakhale Sitandade 5 angakamuuze bwanji wa ku koleji kuti samu yako yaphonya.

Misozi inamutsika Esteri osaipukuta. Ankafuna kukalipa, koma akalipire ndani? Austin anali atapita ndi nsapato yake yamatope, a Paul anali atapepesa. Amene anatsala anali bambo amene anamukhulupirira pa zonse, kupatula pa chinthu chimodzi chokhacho chimene iye anachichita bwino powaganizira iwowo.

A Yosefe anatembenuka n'kumuyang'ana kwa nthawi yoyamba chichokereni pabwalo. M'maso mwawo munali funso limene linkaoneka kuti lawalemera kuposa matumba aja.

"Ndiye kuti sunalakwitse?"

"Sindinalakwitse, Ababa."

"Ngakhale pang'ono?"

"Ngakhale pang'ono. Ndinalemba kuti pakatsala kilo imodzi aitane munthu wina. Ndinkaganizira inu."

A Yosefe anagwedeza mutu kangapo, n'kumwetulira, kumwetulira kwa munthu amene watula katundu pamwamba pa phiri.

"Basi, ndi zomwezo," anatero. "Ndikawauze amako."

Anaponya phazi kuti afulumire, koma bondo linakana. Anaima kaye, n'kutambasula dzanja, n'kuliika paphewa pa Esteri. Njira inali yosalala, nyumba ikuonekera patsidya pa munda, koma anapumira kawiri asanafike.